Bizinesi ya mayina a pa intaneti: yambani mwawerengera lendi

Dzina la pa intaneti, lomwe ndi adiresi ya webusayiti ndipo amati domain, siligulidwa ngati njinga kapena mbuzi kuti likhale lanu mpaka kalekale. Mumalitenga pa lendi ya chaka ndi chaka, ndipo pa mayina othera ndi .com ndi ena ambiri simungalipiriretu zaka zoposa 10. Mukasiya kulipira, limapita kwa wina. Ambiri amene aluza ndalama pa bizinesi yogula mayinawa kuti adzawagulitsenso sanagwe ndi mtengo wogulira. Anagwa ndi lendi ya chaka chachiwiri ndi chachitatu, ya mayina ambirimbiri amene palibe anawafunsapo.

Dzina lililonse lili ndi mbali ziwiri: mawu amene mwasankha, ndi mchira wobwera pambuyo pa kadontho, monga .com, .org kapena .xyz. Mchira uliwonse uli ndi woyang'anira wake, registry, yemwe amasunga kaundula ndi kuika mtengo wopikulitsira. Wa .com ndi .net ndi kampani ya Verisign ya ku America. Inuyo simugula kwa registry, mumagula kwa registrar, kampani yolembetsa mayina m'malo mwa anthu, monga Namecheap, Porkbun, Dynadot, GoDaddy kapena Cloudflare. Pamwamba pa onsewa pali ICANN, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1998, lomwe limaika malamulo a michira yosakhala ya mayiko. Michira ya mayiko, ya zilembo ziwiri ija, imayendera malamulo a eni ake, ndipo kusiyana kumeneku kumakhudza chitetezo cha ndalama zanu.

Masamu oyamba musanagule kanthu

Mu September 2024, Verisign inaika mtengo wopikulitsira dzina la .com pa $10.26 pachaka. Registrar akaikapo phindu lake ndi kandalama ka ICANN, inu mumalipira pafupifupi $11 kwa otchipa, ndipo kwa ena lendi imadutsa $20. Tiyerekeze kuti muli ndi mayina 100 pa $12 lililonse. Ndiye kuti chaka chilichonse mukutulutsa $1,200, kaya mwagulitsa kaya ayi.

Anthu amene akhalitsa pa malondawa amawerengera kuti pa mayina 100 abwino, limodzi kapena awiri ndiwo amagulidwa pachaka. Enawo amangokhala. Misika yogulitsirapo imadula komishoni, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 25 peresenti. Tikatengera 20 peresenti, dzina limodzi lomwe lagulidwalo liyenera kupita pa $1,500 kuti mungobweza lendi ya chakacho, musanaone phindu, musanabwezenso mpamba umene munagulira mayinawo. N'chifukwa chake kugulitsa dzina la $12 pa $300 si phindu lalikulu monga mmene kumaonekera: ndalamayo ikuyenera kusenza mayina 99 aja.

Tsopano sinthani mchira. Mayina 100 a mchira watsopano wa lendi ya $35 amadya $3,500 pachaka. Kuti mubweze ndalamayo pambuyo pa komishoni muyenera kugulitsa za $4,375, pomwe ogula a michira yambiri yatsopano ndi ochepa kuposa a .com. Chitani masamu amenewa pa pepala pa mchira uliwonse musanagule. Ngati simungakwanitse lendi ya zaka zitatu popanda kugulitsa kanthu, chepetsani mayina. Kwa woyamba kumene, mayina 10 kapena 20 osankhidwa mofatsa amaphunzitsa zambiri kuposa 200 ogulidwa usiku umodzi.

Nkhani za malonda aakulu musazitenge ngati muyezo. Voice.com inagulitsidwa $30 miliyoni mu 2019, koma wogulitsayo anali kampani ya MicroStrategy yomwe inali italisunga dzinalo kwa zaka zambiri. Mayina a liwu limodzi lachingerezi pa .com anatha kale, ndipo lero amasinthana manja pakati pa anthu a mpamba waukulu. Msika wa munthu wamba uli pa mayina a mawu awiri, ogulitsidwa madola mazana angapo mpaka masauzande ochepa.

Michira: yakale, yatsopano ndi ya mayiko

Dzina loyamba la .com, symbolics.com, linalembetsedwa pa 15 March 1985, ndipo lero mayina a .com apitirira 150 miliyoni. Mphamvu yake ili poti munthu akamva dzina la kampani amaganiza yekha kuti likuthera ndi .com. Kampani yoyambira pa mchira wina ikakula, nthawi zambiri imabwera kudzafuna .com yake, pomwe ya .com siikhala ndi chifukwa chothamangira kwina. Ubwino wina ndi woti mtengo wake uli ndi malire: mgwirizano wa Verisign umalola kukweza mpaka 7 peresenti pachaka, m'zaka zinayi zokha mwa zisanu ndi chimodzi. Mutha kuwerengera za kutsogolo. Mchira wa .org umayenda ndi mawu a zachifundo, zaumoyo, zamaphunziro ndi mabungwe. Wa .net wafooka, ndipo ndi bwino kuutenga pa liwu limodzi lamphamvu basi.

Michira yatsopano inabwera ICANN itatsegula khomo mu 2012. Inalandira mapempho 1,930, ndipo kuyambira mu 2013 michira yoposa 1,200 inalowa pa intaneti, monga .xyz, .app, .shop, .online, .club ndi .africa. Ina yakhazikika. Mchira wa .xyz unatchuka kampani ya Alphabet itatenga abc.xyz mu 2015. Google inagula ufulu woyendetsa .app pa $25 miliyoni chaka chomwecho. Koma yambiri ilibe msika wogulitsiranso woti n'kudalira, ndipo ili ndi misampha itatu yofunika kuidziwa bwino.

Woyamba ndi mtengo wokopa. Dzina la $1 kapena $2 chaka choyamba litha kukhala la $30 kapena kuposa chaka chachiwiri. Pa tsamba la registrar fufuzani pamene palembedwa renewal, osati mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu uja. Wachiwiri ndi mayina a premium. Registry imapatula mawu abwino n'kuwaika pa mtengo wapamwamba, ndipo pa michira yambiri mtengowo umabweranso chaka chilichonse. Dzina la lendi ya $500 pachaka limakudyani inu, kenako limathawitsa wogula, chifukwa lendiyo imamutsata iyenso. Wachitatu ndi woti michira yatsopano ilibe malire a mtengo. Registry imangofunika kudziwitsa ma registrar masiku 180 isanakweze lendi. Mu 2017 kampani ya Uniregistry inakweza mitengo ya michira yake ingapo, ina mowirikiza kangapo, ndipo amene anali ndi mayina ambiri anangowataya. Mukamva kuti mtengo ukwera pa dzina lomwe mukulikhulupirira, lipirirenitu zaka zingapo pa mtengo wakale nthawi isanathe.

Pa mchira watsopano, gulani pokhapokha ngati liwu ndi mchirawo zikuwerengeka pamodzi ngati chinthu chimodzi. Liwu la malonda pa .shop likumveka, liwu la pulogalamu ya pa foni pa .app likumveka. Mawu awiri kapena atatu pa mchira watsopano ndi ndalama yotaya, chifukwa wogula angapeze ofanana nawo pa mtengo wolembetsera. Dziwaninso kuti .app ndi .dev sizitseguka popanda HTTPS, njira yotetezedwa yotsegulira mawebusayiti, choncho tsamba lanu lotsatsira dzinalo liyenera kukhala ndi satifiketi ya HTTPS, apo ayi wofuna kugula adzangoona chenjezo n'kubwerera.

Michira ya mayiko ili m'magulu awiri. Ina imagwiritsidwa ntchito ndi eni dziko, monga .de ya Germany, .uk ndi .co.za, ndipo ili ndi misika yamphamvu, koma muyenera kudziwa chilankhulo ndi malonda a dzikolo. Ina inatembenuzidwa tanthauzo: .ai ndi ya chilumba cha Anguilla, .tv ndi ya Tuvalu, .co ndi ya Colombia, .io ndi ya British Indian Ocean Territory. Mchira wa .ai wakwera kwambiri ndi kutchuka kwa AI, koma umalipiridwa zaka ziwiri nthawi imodzi, zomwe zimadutsa $100 pa dzina, ndiye kulakwitsa kumapweteka.

Ngozi ya michira ya mayiko ndi ndale ndi malamulo. Britain itatuluka mu European Union, anthu a ku Britain opanda adiresi kapena unzika wa ku EU anataya ufulu wosunga mayina a .eu mu 2021. Mchira wa .yu wa Yugoslavia unachotsedwa pa intaneti mu 2010. Mu May 2025 Britain inasainira mgwirizano wopereka zilumba za Chagos, zomwe ndizo British Indian Ocean Territory ija, kwa Mauritius, ndipo popeza michira ya mayiko imatsatira ISO 3166, mndandanda wa zilembo zoimira mayiko ndi madera, aliyense wosunga .io ayenera kutsatira nkhaniyi. Malamulo a mchira wochotsedwa amapereka zaka zisanu, zotheka kuwonjezera mpaka khumi, ndiye si zothamangira kutaya mayina, koma si mchira woikapo mpamba wonse. Ina monga .us ndi .ca imafuna kuti mukhale ndi ubale ndi dzikolo, ndipo kunama pa fomu kungakulanditseni dzina.

Za .mw, yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP, ndi .zm ya ku Zambia, ndi zabwino pa bizinesi yanu ya m'dziko. Koma ngati katundu wosunga kuti mudzagulitse, ogula ake ndi ochepa. Chimodzimodzi mawu a Chichewa pa .com: liwu lalifupi, losavuta kutchula kwa mlendo, litha kugwira ntchito ngati dzina la kampani, koma musadalire kuti tanthauzo lake lokha likupezerani wogula wa madola.

Kusankha dzina ndi kulifufuza

Funso lalikulu ndi limodzi: wogula wake ndani? Musanalipire, tchulani makampani enieni osachepera asanu kapena khumi amene dzinalo lingawakomere kuposa lomwe ali nalo. Mukalephera, lisiyeni, ngakhale likukukomerani m'khutu. Kenako litchuleni kwa munthu pa foni ndipo mumuuze alilembe. Akafunsa kalembedwe, dzinalo lafooka. Pewani kamzere ka pakati, manambala osakanikirana ndi mawu, ndi mawu olakwitsidwa dala. Mawu akhale m'dongosolo lomwe eni chilankhulo amayankhulira. Kungowatembenuza kumapha mtengo wonse.

Onani kuti dzinalo latengedwa pa michira ingati. Ngati anthu osiyanasiyana alembetsa kale mawu omwewo pa .net, .co, .io ndi michira ya mayiko, ndipo pali mawebusayiti amoyo, amenewo ndiwo ogula anu a mawa. Kenako pitani pa NameBio, nkhokwe ya malonda a mayina omwe anachitika kale, mufufuze liwu lanu. Powerenga samalani: malonda ambiri olembedwa mmenemo ndi a pa okushoni, pakati pa amalonda okhaokha, ndipo mitengo yake ndi yopikulira. Mtengo wa wogula amene akufuna dzinalo pa bizinesi yake umakhala wokwera kangapo, koma amabwera mwa apo ndi apo. Makina oyerekeza mtengo, monga a GoDaddy, agwiritseni ntchito posefa mndandanda wautali basi. Nambala imene amapereka si lonjezo la wogula.

Chomaliza, ndipo ichi musachidumphe, ndi zizindikiro za malonda zolembetsedwa (trademark), monga mayina a makampani ndi katundu wawo. Fufuzani mawuwo mu Global Brand Database ya WIPO, bungwe la United Nations loona za zizindikirozi, ndi mu kaundula wa USPTO, ofesi ya ku America yolembetsa zizindikiro. Kuyambira mu 1999 pali ndondomeko ya UDRP yomwe imalola mwini chizindikiro kukulandani dzina popanda kupita kukhoti. Ayenera kutsimikiza zinthu zitatu: kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake moti n'kusokoneza anthu, kuti inu mulibe chifukwa chovomerezeka chokhalira nalo, komanso kuti munalilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa. Ku WIPO dandaulo limayambira pa $1,500, ndalama yochepa kwa kampani yaikulu, ndipo inu mumapatsidwa masiku 20 oti muyankhe. UDRP siilipiritsa chindapusa, imangosamutsa kapena kufafaniza dzina, koma lamulo la ku America la ACPA limalola khoti kulamula kuyambira $1,000 mpaka $100,000 pa dzina lililonse. Dzina la kampani yodziwika, ngakhale mutaliwonjezera liwu kapena kusintha chilembo chimodzi, si katundu. Lisiyeni.

Kumene mayina abwino amapezeka

Kulembetsa dzina latsopano ndi kotchipa, koma kumbukirani kuti ndi dzina lomwe anthu onse analidutsa osalitenga. Kumagwira ntchito pa mawu a luso kapena malonda ongoyamba kumene. Mayina ambiri abwino amachokera kwa anthu amene asiya kulipira lendi, ndiye muyenera kudziwa ulendo wa dzina lotha nthawi.

Pa .com, dzina likatha nthawi registrar amatha kulisunga mpaka masiku 45, ndipo m'nthawi imeneyi ma registrar ambiri amaliika pa okushoni, monga GoDaddy Auctions, NameJet kapena okushoni ya Dynadot ndi ya Namecheap. Likapanda kugulidwa limalowa masiku 30 a redemption, pomwe mwini wakale angaliwombole pa ndalama yowonjezera yokwera. Kenako pamabwera masiku 5 a pending delete, pomwe palibe angalikhudze, ndipo likatero limamasulidwa. Mayina abwino sakhala ngakhale mphindi imodzi: makampani monga DropCatch ndi SnapNames amawawakha ndi makina. Mumaika oda pasadakhale, ndipo ofuna akakhala angapo pamachitika okushoni. Webusayiti ya ExpiredDomains.net imathandiza kusefa mayinawa mwaulere potengera mchira, kutalika ndi zaka.

Pa okushoni lembani mtengo wanu womaliza musanayambe, ndipo musaudutse. Muyezo wabwino ndi wosalipira kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo umene mukuyembekeza kugulitsira, chifukwa mudzadikira zaka. Wonjezeraninso lendi ya chaka, yomwe imalipiridwa pamwamba pa mtengo wa okushoni. Dzina lakale lifufuzeni mbiri yake pa Wayback Machine, webusayiti yosunga mmene mawebusayiti ankaonekera kale. Ngati linagwiritsidwapo ntchito pa zachinyengo, mankhwala abodza kapena kutumiza maimelo osafunika, litha kukhala pa mindandanda yoletsedwa, ndipo wogula wanzeru adzazindikira.

Kugulitsa

Dzina lopanda chikwangwani siligulidwa. Tsiku lomwe mwaligula, lilembetseni pa msika monga Afternic, Sedo kapena Atom, kenako sinthani ma nameserver ake, omwe amalondolera anthu kumene dzinalo likutsegukira, kuti aloze ku tsamba la msikawo lonena kuti dzinali likugulitsidwa. Ogula ambiri amabwera polemba dzinalo mu browser kapena polifufuza kwa registrar wawo. Afternic ndi Sedo zimaonetsa mayina a mtengo woikika m'mabokosi ofufuzira a ma registrar ambiri, ndipo wogula amalipira pomwepo ngati akugula dzina wamba. Pa mayina a pansi pa $5,000, mtengo woikika umagulitsa bwino kuposa kudikira kuti wogula atchule wake, chifukwa anthu ambiri safuna kunenerera ndi munthu amene sakumudziwa. Misika ina imalolanso kulipira pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, dzina lili m'manja mwa msikawo mpaka ndalama itatha.

Mukaika dzina pa misika iwiri, mtengo ukhale umodzi, ndipo likagulidwa kapena mukalitaya lichotseni paliponse tsiku lomwelo. Kugulitsa dzina lomwe mulibe kumatseketsa akaunti. Pa tsamba lotsatsira pewani zotsatsa zongobwera zokha ngati liwu lanu likufanana ndi chizindikiro cha kampani ina, chifukwa zotsatsa za opikisana nayo zimatengedwa ngati umboni wa cholinga choipa pa mlandu wa UDRP. Pa chifukwa chomwecho, musalembere kalata mwini chizindikiro yomutsatsa dzina lofanana ndi lake.

Wina akakupezani mwachindunji, musasamutse dzina musanalandire ndalama, ndipo iyenso sangakhulupirire kulipira kaye. Gwiritsani ntchito mkhalapakati monga Escrow.com: wogula amaika ndalama kumeneko, inu mumasamutsa dzina, iye akatsimikiza kuti walandira ndalamayo imatulutsidwa. Kusamutsa kuli pawiri. Ngati nonse muli kwa registrar mmodzi, mumangokankhira dzinalo ku akaunti yake, ndipo zimatha msanga. Ngati ali kwina, mumatsegula loko woletsa dzina kusamutsidwa n'kumupatsa auth code, mawu achinsinsi osamutsira dzinalo, ndipo zimatenga mpaka masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Dzina longolembetsedwa kumene kapena longosamutsidwa limakhala lotsekeredwa masiku 60 osapita kwa registrar wina, ndiye muuzeni wogula zimenezi musanagwirizane.

Pali chinyengo chimodzi chomwe chimagwira oyamba kumene chaka ndi chaka. Munthu amalemba kuti akufuna dzina lanu pa mtengo wosangalatsa, koma akuti muyambe mwalipira satifiketi yoyesa mtengo pa webusayiti imene iye wasankha. Mukalipira, amasowa. Wogula weniweni sakulipiritsani kanthu. Chinanso ndi maimelo onamizira kuti dzina lanu latha nthawi. Musadine ulalo wake. Lowani nokha mu akaunti ya registrar mukaone.

Kusunga katundu ndi nkhani ya madola

Akaunti ya registrar ndi imelo yolumikizidwa nayo ndizo nyumba yosungira katundu wanu. Zonse zikhale ndi chitetezo cha magawo awiri, makamaka cha pulogalamu yotulutsa manambala osati cha SMS, popeza nambala ya foni imatha kubedwa posinthitsa SIM. Loko wa dzina akhale wotseka nthawi zonse. Imelo ya akauntiyo isakhale pa dzina lomwe lili mu akaunti yomweyo, chifukwa likatha nthawi mudzataya zonse pamodzi. Lembani zoona pa fomu ya mwini dzina. Zabodza ndi chifukwa chokwanira choti registrar aliyimitse.

Kwa amene amalandira makwacha, lendi ndi ya madola. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi, ndipo lendi ya dzina lililonse inakwera motero tsiku limodzi. Khadi la banki lithanso kukana kulipira kunja pa tsiku lomwe mukulifuna. Musadalire kulipira kongochitika kokha: mayina anu abwino kwambiri alipirenitu zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ngati registrar amalola kusunga ndalama mu akaunti, ikanimo za miyezi ingapo. Musanagule dzina loyamba, tsegulani akaunti pa msika umene mudzagulitsirepo, muone njira zolandirira ndalama zomwe zikugwira ntchito m'dziko lanu, ndipo mufunse banki yanu zimene imafuna pa ndalama zochokera kunja ndi zimene imadula. Pa malonda a $300, ndalama yotumizira kudzera ku banki imatha kudya gawo looneka.

Sungani ndandanda ya dzina lililonse: tsiku logula, mtengo, lendi, tsiku lotha, ndi aliyense amene anafunsapo ndi mtengo umene anatchula. Patatsala masiku 30 kuti dzina lithe, liyang'aneni ngati kuti mukuliona koyamba, n'kudzifunsa ngati mungaligule lero pa mtengo wa lendiyo. Ngati yankho ndi ayi, ndipo zaka ziwiri zadutsa popanda wofunsa, litsitseni mtengo kwa amalonda anzanu mwezi womalizawo, likakanika mulisiye lipite. Ndalama ya lendi ya mayina asanu ofooka ipite pa okushoni, pa dzina limodzi lomwe ogula ake mungawatchule.